Gitala ya Alamu Anga

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi ma TV m'kantemba kanga, kashopu kakang'ono, ku Kanyama. Gitala yamagetsi ndinali ndisanaitsegulepo mpaka tsiku limene alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga, anabwera ndi yawo atayikulunga m'chitenje. Iwo ndi amene amaimba gitala ku tchalitchi kwathu.

"Ba mulamu, ilila monga njuchi," anatero. "Manje nagula na waya."

Waya wake unali wa m'nyumba, wonenepa, uja timayalira malaiti. Ndinawaseka. Waya woteroyo m'kati mwa gitala supindika, umangozula tizitsulo. Ndinatenga waya wowonda wa tinsambo tambiri, wina wokutidwa ndinadula ku chingwe chakale cha DVD. Ayironi yanga yaikulu yomatira mawaya ndinaisiya poopa kupsereza tizipangizo, ndinatenga yaing'ono yosongoka. Mtovu nawonso ndinasankha wowonda wa mawailesi, osati uja wa asidi umene amamatira zidebe pa msika.

Vuto ndinalipeza msanga. Kawaya kolumikiza nsambo za gitala ndi chingwe chopita ku ampu yokuzira mawu kanali katathothoka. Ndinakamata bwinobwino, mtovu wake ukuwala. Titayesa pa ampu yanga, njuchi zija zii. Alamu anavina pakhomo, ine ndinadzitama tsiku lonse.

Lamlungu m'mawa kunagwa mvula ya ku Kanyama, ija imalowa m'nyumba osaodira. Ine kutchalitchi ndimapita mwa apo ndi apo, ndiye ndinatsala ndikukapa madzi ndi beseni. Ndili wowerama choncho, maso anagwera pa soketi ya pakhoma, mtima unangoti phwii.

Ndinakumbukira ampu ya kutchalitchi. Ndinaiona ndi maso angawa pa Khirisimasi. Pulagi yake inaduka kalekale, amangolowetsa mawaya awiri m'soketi n'kutsinira ndi timitengo ta machesi. Waya wachitatu, uja wotayira moto pansi, kulibe. Ndinaigwira tsiku lija, inandiluma chala, ndinati ndidzaikonza, n'kuiwala. Nthawi yonseyi moto umenewo sunkafika ku nsambo chifukwa kawaya kaja kanali koduka. Ine ndi luso langa ndinali nditautsegulira njira yolowera m'zala za alamu anga.

Ndiye kutchalitchi kwathu kuli mwambo. Mapemphero akafika pakati, abusa amauza onse a kutsogolo kuti avule nsapato, pamalopo mpoyera. Simenti yake mvula ikagwa imakhala chinyontho chokhachokha.

Ndinaimba foni ya alamu, yozima. Ya mlongo wanga inangolira. Ndinatenga tesita, kasikuludilaiva kaja kamayaka kakakhudza moto, n'kutuluka opanda ambulera.

Madzi mumsewu anali m'mawondo, akuda, osaoneka pansi. Ku Kanyama sumathamanga m'madzi, pali maenje ndi miyala yakuthwa, koma ine ndinathamanga. Patapata mmodzi anapita, sindinamufune. Mantha amene ndinali nawo sindinawamvepo chibadwire. Ndinkangoona mlongo wanga atavala zakuda, anthu pamaliro akunong'onezana kuti amene anakonza gitala ndi uyo wakhala apoyo.

Nditayandikira ndinaimva gitala. Inkalira bwino, mawu oyera, opanda njuchi ngakhale imodzi. Ndinati bola ikulira, ndiye kuti munthu akadali moyo. Ndinkapemphera kuti nyimboyo italike, abusa asayambe kulankhula.

Kenaka inangoduka pakati pa nyimbo. Kiyibodi nayonso zii. Ndinamva azimayi akukuwa.

Ndinagwira mpanda wa eni ake. Momwe ndinafikira pakhomo sindikumbuka.

M'kati munali kamdima, anthu akuwomba m'manja, nyimbo akuipitiriza pakamwa. Malaiti anali atapita, monga amapitira masiku onse, ndipo kukuwa kuja kunali kodandaula chabe. Alamu anali chiimire kutsogolo, gitala ili pakhosi, akundiyang'ana modabwa mmene ndinalowera, matope mpaka m'chiuno.

"Ba mulamu, ni chani?" anafunsa.

Ndinawavula gitala ija, n'kuigoneka pa benchi. Mlongo wanga anabwera nkhope itakwinyika, akuti ndawachititsa manyazi pamaso pa mpingo. Abusa anafunsa ngati ndamwa. Ine amene sindichedwa kupsa mtima, tsiku limenelo ndinangoti tidikire malaiti, munthu asakhudze kanthu.

Tinadikira mpaka mapemphero kutha. Anthu ena anapita, ena anatsala kuti aone misala yanga. Babu la padenga litayaka, ndinagunditsa tesita pa nsambo. Kanayaka kofiira, psuu, aliyense anakaona.

Mlongo wanga anayang'ana pansi, nanenso ndinatsatira maso ake. Alamu anali atavala jombo ya mphira, ija moto sudutsa, phazi limodzi lokha. Inayo inali pambali, sokosi ili m'kati mwake. Abusa anali atalamula zovula nsapato nyimbo ili m'kati, ndipo malaiti anapita alamu atangovula yoyamba, phazi lili m'mwamba, dzanja lili pa nsambo.

Mlongo wanga anagwada pa simenti yonyowayo, anatenga jombo ija, nawaveka yekha amuna ake. Abusa anali pomwepo, ndipo za malo oyera sanatchuleko.