Dzino la azakhali ndi sutikesi ya ku Mchinji

Abale, mwaswera. Tangobwera kumene kuchipatala cha mano ndi azakhali a NaBanda, aja abwera kuchokera ku Malawi kudzakhala nawo pa ukwati wa Tisa.

Dzino lakhala likuwapweteka kuyambira Lolemba, koma sananene. Amangodzifunda chitenje kumutu, ati kuno ku Kapata kukuzizira. Lero m'mawa chitenje chitagwa ndaona tsaya latupa, diso latsala pang'ono kutsekeka. Pabowo pa dzinolo akhala akuikapo fodya wa mphuno.

Adokotala atawayeza apeza BP yakwera kwambiri. Awafunsa mankhwala amene amamwa, iwo ati, "Timapilitsi toyera, tating'ono. Tinatha sabata yatha." Adokotala akuti sangazule dzino asanadziwe dzina la mankhwalawo, kuopa kuti magazi angavute kuleka. Angowapatsa ochepetsa kutupa, akuti tibwerere mawa.

Dzinalo lili m'buku lawo la kuchipatala. Bukulo analitsekera m'sutikesi ku Mchinji, ndipo kiyi ali pa chingwe m'khosi mwawo muno.

Achimwene a Yohane, inu muli pafupi ndi nyumba yawo. Mukathyola loko n'kujambula tsamba limene pali dzinalo, zatha. Koma azakhali akukana kwamtuwagalu. Akuti mmenemo muli nsalu imene anasunga yoti adzaikidwe nayo m'manda, munthu asaione iwo ali moyo. Pano ayamba kufunsa za bambo wina wa kumsika amene amazula ndi pulayazi.

Ndiye tithyole kapena tiwamvere? Ine mantha anga ndi akuti tikawamvera, sutikesiyo tidzaitsegulabe, koma potenga nsalu.