Mtanga wa Jestina

Jestina anali mlongo wanga, wopondana ndi ine. Sukulu analekeza Sitandade 2 chifukwa bambo anasankha kuphunzitsa ine, ndipo moyo wake wonse ankalima mbatatesi ndi kabichi kumtunda kwa Mayani. Kwathu amamukumbukira ngati mayi amene anaba katundu wa boma. Bodza limeneli ndatopa nalo.

Mu 1974 anabereka mwana wakufa kale. Mwana wotere timati mtayo. Amamuika amayi okhaokha, osalira, m'dzenje losazama, poopa kuti akazamitsa mayiyo sadzaberekanso. Mwamuna saloledwa kuona kapena kuuzidwa malo. Wa Jestina anamuika patsinde pa thanthwe lina la zojambula zofiira za anthu akale.

Chaka chotsatira tinamva kuti msewu udzadutsa pathanthwepo. Mathirakitala asanafike, kunabwera akatswiri awiri ofukula zakale kudzapulumutsa zimene zinali m'nthaka. Anakhoma zikhomo, namanga zingwe, nagawa malowo m'timabwalo. Amenewo ndilibe nawo mlandu, ankagwira ntchito yawo. Koma tcheyamani wa chipani m'mudzimo, Zefaniya, analengeza kuti wokhudza dothi la m'zingwemo popanda chilolezo ndi mdani wa chitukuko. Masiku amenewo mawu otere ankasowetsa munthu.

Jestina anakalembetsa ntchito yosefa dothi. Ankatola timiyala tosongoka ndi mikanda, maso ali pa zingwe, zimene tsiku ndi tsiku zinkayandikira pamalo paja. Kuwauza akatswiriwo sakanatha, onse anali amuna. Tsiku lina masana, anthu atapita kukadya, anafukula ndi manja, naika zimene anapeza mumtanga, navundikira ndi nsalu.

Zefaniya anakumana naye panjira. Anaitana anthu onse, nalamula kuti Jestina avundukule mtangawo.

"Ndi za amayi, bambo," anatero Jestina.

"Boma lilibe za amayi. Vundukulani."

Jestina anakhala pansi, nakumbatira mtangawo. Zefaniya anabadwira m'mudzi momwemo, tanthauzo la mawu aja ankalidziwa bwino. Koma alendo ankaonerera, ndiye anafuna kuoneka wolimba. Anyamata ake anamumenya Jestina makofi mpaka khutu linatuluka magazi. Pamene ankamukokera kugalimoto, a Marita, azamba amene anamuchiritsa, anatola mtanga uja nausenza pamutu. Amayi ena anawazungulira, n'kumapita osathamanga. Anyamata aja anangoyang'anana. Palibe amene anawatsatira.

Jestina anatuluka m'chitokosi mvula itayamba, khutu lamanzere litagontha. Pomufunsa konse sanaulule chimene chinali mumtangamo, ndipo dzina la wakuba linamukanirira mpaka kumanda. Ine nthawiyo ndinkaphunzitsa ku Kasungu. Jestina atamwalira, mkazi wanga ndiye anandiuza nkhani yonseyi, koma kumene amayi aja anakamuika mwanayo anakana kutchula.

Zefaniya akadali moyo. Ku Misa amakhala benchi lakutsogolo, ndipo ikafika nthawi yopatsana moni wa mtendere, ine manja ndimapinda.