Mapazi Kuseri kwa Mphasa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinadwala chifuwa chachikulu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Bundabunda, kufupi ndi mishoni yakale kumene atate ankapala matabwa ndi kukonza mabenchi a m'tchalitchi. Matendawo anandidya mpaka nthiti zinkaonekera. Asisitere a ku kiliniki ya mishoni anandiika pa mankhwala, nachenjeza makolo anga kuti ndimwe miyezi yonse osadumphitsa, ngakhale nditayamba kupeza bwino.

Mapiritsi amenewo ndinkadana nawo. Anali akuluakulu, ankandichititsa nseru, ndipo mkodzo unkatuluka wofiira ngati dothi la katondo. M'mawa uliwonse amayi ankaima patsogolo panga ndi kapu ya madzi, ine ndikulira, iwonso misozi ili m'maso.

Anthu atamaliza kukolola, m'mudzi munafika bambo wina wochokera ku Lusaka, dzina lake a Mulenga. Ankavala chikhoti choyera ngati cha ku chipatala, ndipo anali ndi kamtengo kosalala konga kamunsi, ndi chipepala chachikulu chojambulidwa mapazi awiri amitundumitundu. Anakhazikika pansi pa mtengo wa mango kwa a Lungu, oyandikana nafe nyumba, amene ankadwala shuga. Ankaphunzitsa kuti thupi lonse la munthu lili m'phazi: mutu uli pa chala chachikulu, mapapo ali pansi pa zala, chiwindi ndi impso zili pakati. Pamene pawawa akadina, ndiye kuti chiwalo chimenecho chikudwala, ndipo akamadinapo masiku angapo chimachira. Ntchitoyo ankaitchula kuti rifuleksoloje. Lilime la kumudzi linalephera dzinalo, choncho tinkangoti Dokotala wa Mapazi.

Amayi ananditengera kumeneko atate ali ku ntchito. Bamboyo anandiyang'ana nthiti, anamva ndikukhosomola, anafunsa amayi mafunso ambiri, kenaka anakanikiza kamtengo kaja pansi pa zala zanga mpaka ndinakuwa.

"Mwaona, ba mayo?" anatero. "Ni mapapo. Phazi silinama."

Amayi anazizwa. Sanaganize kuti ngakhale mwana wa mkaka akanadziwa kuti vuto langa linali m'chifuwa. Tinapitako kangapo, ndipo chifuwa chinayambadi kuchepa. Unali mwezi wachitatu ndikumwa mankhwala a asisitere, koma ulemu wonse anautenga a Mulenga.

"Manje aleke mapilisi," anauza amayi. "Ni poizoni ija, ipsereza chiwindi. Simuona mikozo yake mwamene ilili?"

Mawu amenewo anawalasa amayi, chifukwa mkodzo wofiira uja unkawaopsa kuyambira kale. Madzulo ake anauza atate kuti mankhwala aleke. Ine ndinali kumbali ya amayi ndi mtima wanga wonse.

Atate sanali munthu woyankha msanga. Anamaliza kudya, anasamba m'manja, ndiye anati, "Ine thabwa sinilikhomera msomali nikalibe kuliyesa. Muitaneni abwere pa Sondo tikachoka ku Misa. Akamupeza uyu Yosefe wathu na mapazi chabe, mapilisi nizataya neka mu chimbuzi."

Lamulungu litafika, atate anapachika mphasa pa chingwe choyanikira zovala, m'munsi mwake nasiya mpata wongokwana mapazi. Kuseri kwake anakhazika anthu atatu: ine, msuweni wanga Petulo amene ankaweta ng'ombe ndipo sanadwalepo, ndi a Daka, nkhalamba yaimuna yoliza belu la tchalitchi, imene inali ndi timapazi ting'onoting'ono. Ndisanakhale pansi, atate anandigwira paphewa.

"Yosefe, chifuwa chikabwera cheka, chibwere. Koma ukakhosomola dala, wanama."

Ankaudziwa mtima wanga.

A Mulenga atafika anapeza anthu ochokera ku Misa atadzaza pabwalo. Ataona mphasa ija, nkhope yawo inasintha.

"Ba tate, ine sinisewenza so. Nifunika kukamba na odwala."

"Munakamba mweka kuti phazi silinama," anayankha atate. "Lekani likambe."

Pamaso pa khamu lotere a Mulenga sakanakana. Kuseri kwa mphasa kunkanunkha utsi ndi bango louma, dzuwa likulowa m'timipata ngati mizere pa miyendo yathu. Anayamba ndi mapazi a a Daka. Anadina, anatembenuza, anayang'ana pa chipepala chawo, kenaka analengeza kuti amenewo ndi mayi, ndipo chiberekero chawo chili ndi vuto lalikulu. Nkhalamba ija inadziluma mlomo, mapewa akugwedezeka. Anafika pa Petulo. Atangokanikiza pansi pa zala, Petulo anakoka mwendo ngati waponda khala la moto.

"Ni uyu!" anafuula a Mulenga. "Uyu ndiye wa chifuwa."

Kenaka anagwira mapazi anga. Nthawi yomweyo pakhosi panayamba kunyerenyetsa. Ndinkadziwa kuti kachifuwa kamodzi kokha kakanawabweza pa mawu awo, kakanawasonyeza kuti wodwala ndine, ndipo mapiritsi aja akanathera m'chimbudzi. Palibe akanandiimba mlandu, pakuti ndinali wodwaladi. Koma pansi pa mphasa ndinkaona mapazi a atate, mu nsapato zawo za matayala, utuchi wa matabwa uli m'zikhadabo. Anali ataima phee, osasuntha. Ndinameza malovu, ndinagwira mpweya mpaka misozi inatuluka, ndipo kunyerenyetsa kuja kunatha kokha. Mapazi anga anali ofewa chifukwa chogona m'nyumba miyezi yambiri. A Mulenga anadina pang'ono nawasiya.

"Uyu alibe vuto. Ni wamphamvu monga ng'ombe."

Atate anatsitsa mphasa. Pabwalo panabuka phwete. A Daka anaimirira pang'onopang'ono atagwira pamimba, nafunsa, "Nanga adokotala, mimba yanga ni ya miyezi ingati?" Petulo anatukula phazi kuonetsa thekenya limene linali litakhwima pansi pa chala. Atate okha sanaseke. Amayi analowa m'nyumba, natuluka ndi kapu ya madzi ndi mapiritsi amene m'mawa umenewo anali asanandipatse. Ndinamwa pamaso pa anthu onse, ndipo ndinapitiriza kumwa mpaka asisitere anati ndachira.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pa kuseka. A Mulenga anakalipa, nati mphasa inatchinga mphamvu ya ntchito yawo, ndiponso kuti anthu opanda chikhulupiriro sachira. A Lungu anawakhulupirira. Anali atasiya kale mankhwala a shuga, ndipo atate atapita kukawachonderera, anangoti, "Imwe a Tembo, ine akanidina nimvera bwino. Thupi ni langa." Mvula itayamba, khasu linawatema pa chala. Bala silinapole, linayamba kununkha. Nthawi imeneyo Dokotala wa Mapazi anali atasamukira kwina ndi chipepala chake. Ku chipatala cha ku Lusaka a Lungu anawadula mwendo, koma zinali mochedwa. Bokosi lawo anakhoma ndi atate, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Anthu amati ndine wofatsa, ndipo ndimayesetsa kusaweruza munthu ndisanamve mbali yake. Koma masiku ano ndikakwera minibasi kuchokera ku Silverest, kumene ndikukhala kunja kwa Lusaka, n'kuona zikwangwani za mapazi amitundumitundu zija, pansi pake atalemba shuga, BP, kusabereka ndi khansa, mtima wanga umawira. Mkwiyo umenewu ndauululapo kwa ansembe kangapo, koma sunachoke. Anthu amenewa sagulitsa kwa amphamvu. Amadikira munthu wotopa ndi mankhwala, mayi amene waona mwana wake akulira m'mawa uliwonse, ndiye n'kumuuza zimene mtima wake ukulakalaka kumva. Wodwala akachira ndi mankhwala a chipatala, amati ndi manja awo. Akamwalira, amati analibe chikhulupiriro.

Mkazi wanga Agnesi atadwala khansa, mwana wa mlongo wake anabweretsa mayi wina wa ntchito yomweyi. Sindinamuthamangitse. Ndinayamba ndafunsa dokotala amene ankaona Agnesi, ndipo anandiuza mosabisa kuti ofufuza za mankhwala aiyesa njira imeneyi kambirimbiri, koma sanapeze umboni wolimba wakuti imadziwa matenda kapena kuwachiza. Anati ofufuzawo anayesaponso kuwaletsa odinawo kucheza ndi wodwala, ndipo odinawo matenda anawaphonya. Chimene chilipo, anatero, n'chakuti kutikita mapazi kumapumitsa thupi, ndipo wodwala amamva kuti wina akumusamala. Ndinakumbukira mphasa ya atate, amene sukulu anailekera panjira.

Choncho ndinamulola mayiyo kuti azitikita. Agnesi ankagona tulo tabwino akachoka. Koma tsiku lina ndinamumva akunong'oneza kuti, "Ba mayo, ija mankhwala ya ku chipatala ndiye ikutherani mphamvu. Muileke, ine nizachosa vonse kupitira ku mapazi." Ndinanyamula chikwama chake, ndinamupatsa m'manja, ndinamutsegulira geti. Sindinakweze mawu.

Kuyambira tsiku limenelo mapazi a Agnesi ndinkawatikita ndekha. Ndinkatenthetsa madzi, n'kuwasambitsa monga amachitira ansembe pa Lachinayi Loyera, n'kuwapaka mafuta. Sindinkadziwa pamene pali chiwindi kapena impso, ndipo sindinkafuna kudziwa. Mankhwala ake ankamwa pa nthawi yake. Mankhwalawo anatipatsa miyezi imene tinaona mwana wathu Monika akukwatiwa, ngakhale kuti sanamusunge Agnesi mpaka kalekale.

Tsopano ndikumvetsa chimene atate ankandiphunzitsa kuseri kwa mphasa. Kumva bwino ndi kuchira ndi zinthu ziwiri, ndipo wonena kuti amachiza ayenera kulola kuyesedwa, ngakhale pamene ife odwala tikufunitsitsa kuti apambane. Dzanja logwira phazi la wodwala ndi chifundo. Pakamwa pomuuza kuti ataye mankhwala ndi pamene panapha a Lungu.

Masana ena, m'sabata yake yomaliza, ndikumupaka mafuta, Agnesi anatsegula maso nandiyang'ana akumwetulira.

"Atate Monika, muziwa kuti simunichiza?"

"Niziwa," ndinayankha.

"Chabwino. Musaleke."