Madontho a magazi a Mwanasha

Mwanasha amagulitsa zitenje mu Old Town, pakhonde la sitolo ya mmwenye wina. Mwamuna wake, Zubair, amakhoma zidebe ndi mbaula kumsika. Atabereka mwana wachitatu, awiriwa anagwirizana zoti akwana, ndipo Mwanasha anakaikitsa njira yolera ya pamkono, timitengo timene amalowetsa pansi pa khungu.

Chaka chotsatira anayamba kutsokomola osalekeza. Kuchipatala anamupeza ndi TB n'kumuyambitsa mankhwala. Komweko namwino wina, a Eveless, anamufunsa ngati angalowe nawo m'kafukufuku. Ankafuna kuona mmene mankhwala a TB amasinthira mphamvu ya njira yolera m'thupi.

"Mudzanditenga magazi ambiri?" anafunsa Mwanasha, poti jakisoni wa pamtsempha ankamuopa.

"Ayi mayi, tidzangokubayani pachala. Madontho ochepa basi."

Mwezi uliwonse a Eveless ankamubaya chala n'kudonthezera magazi pa kapepala kokhuthala. Kakauma, magaziwo ankaderako ngati dzimbiri. Ankakatsekera m'kajumbo n'kukatumiza ku labu, komwe ankayeza mahomoni a njira yolera amene atsala m'magazi. Namwinoyo anamuchenjezanso kuti pa nthawi yonse ya mankhwala azigwiritsanso ntchito makondomu.

Mwanasha atanena zimenezi kunyumba, Zubair anangoseka.

"Mayi a Ikram, ya pamkono ija munachotsa kodi? Nanga zinazo n'za chiyaninso?"

Mwanasha anatopa ndi kutsutsana, anazisiya.

Chifuwa chinapola, thupi linabwerera. Koma atatsala pang'ono kumaliza mankhwala, fungo la utoto wa zitenje zatsopano linayamba kumuchititsa nseru. Anayezetsa, anali ndi pakati.

Zubair anakhala masiku osalankhula bwino. Ankaganiza kuti mkazi wake anakachotsetsa mobisa. Mwanasha anamugwiritsa pamkono pomwe timitengo tija tinkamveka pansi pa khungu, koma iye anangotembenuka. Ndiye Mwanasha anamuuza kuti, "Bambo a Ikram, mawa musatsegule. Tipitire limodzi kuchipatala."

Anapita. A Eveless anawakhazika pabenchi n'kuwafotokozera zimene labu inapeza.

"Bambo, njirayi ilipo ndithu. Koma mankhwala a TB amafulumizitsa chiwindi. Chimatsuka mahomoni aja msanga, asanagwire ntchito yake. M'magazi a mayiwa ankatsika mwezi ndi mwezi. Paja n'chifukwa chake tinanena za makondomu."



"Anandiuza," anatero Zubair. "Ndinakana ndine."

Tsiku lomwelo a Eveless anamuchotsa Mwanasha timitengo tija n'kumulembetsa kusikelo. Pobwerera anakwera minibasi imodzi, Zubair atanyamula chikwama cha mkazi wake pamiyendo mpaka kudepoti.

Mwana anabadwa nyengo ya dzinja, wamkazi, anamutcha Hasina. Pano amayenda chogwira m'mabenchi pakhonde paja. Makasitomala akafunsa kuti, "Paja simunati mwasiya?" Mwanasha amawauza nkhani yonse uku akupinda chitenje, makamaka akamva kuti wofunsayo ali pa mankhwala a TB.