Sabata Lomwe Fyuzi Inagona m'Thumba Mwanga

Ndinabweza waya kusitolo ndili ndi ukali wa munthu wowerenga mabuku. Ndinali nditagula wayayo ku boma kuti ndiwonjezere soketi m'nyumba, koma nditafika kwathu n'kusenda kunsonga, ndinapeza m'kati muli wabulawuni ndi wabuluu. Buku langa la zamagetsi, lopanda chikuto, lomwe ndinalitola pamulu wa mabuku akale pamsika, linkanenetsa kuti waya wamoto ndi wofiira, mnzake ndi wakuda. Ndiye ndinakweranso minibasi, buku kukhwapa, kukauza mwini sitolo kuti wandigulitsa feki.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatenga bukulo, n'kulinunkhiza.

"Achimwene, limenelitu ndi lalikulu kwa inu ndi ine. Mitundu anasintha. Wabulawuni ndiye wofiira uja, wangovala malaya ena."

Anthu omwe ankagula misomali anaseka mwaulemu. Ndinabwerera ndi waya yemweyo.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ya tiyi, wolemba makilo a otchola. Nyumba yathu inali ya kampani. Kale munkakhala kapitawo wamkulu, koma kampani inadzaidula pakati ndi khoma, ife mbali ino, aneba mbali inayo, denga limodzi. Bambo a kunyumbako ankayendetsa thirakitala ndipo anali munthu wa mawu ochepa. Akazi awo ankagulitsa mafirizesi kwa otchola tiyi, ndipo mawu omwe amuna awo ankasunga ankawalankhula ndi iwo.

Mbali yathu inali ndi soketi imodzi, pabalaza, ndipo inkatikwanira pa wailesi ndi ayironi. Kenako mafoni am'manja anafika m'midzi, magetsi osafika nawo. Kuchikazi kwanga, ku Khonjeni ndi ku Kapichi, kunamveka kuti mkamwini ali ndi moto wa pakhoma. Loweruka lililonse mafoni ankabwera pa kabaza, ali m'jumbo, iliyonse ndi tchaja yake. Mkamwini sakana. Ndinagula adaputa, n'kubaya adaputa ina pamwamba pake, mpaka pakhomapo panaoneka ngati phava la nthochi. Tsiku lina mkazi wanga anamva fungo la pulasitiki wopsa. Nditagwira soketi inali yofunda ngati mbatata yowotcha.

Lamulo la esiteti linali lodziwika: wogwira mawaya m'nyumba ya kampani popanda amisiri ake amatulutsidwamo. Tinali titaonapo mipando ya banja lina ili panja, mvula ikuwaza. Kwa ine kutuluka m'nyumbamo kunkatanthauza kukakhala pakhomo pa apongozi ku Khonjeni, ndi ana, ndi mabuku anga m'katoni. Poyamba ndinkati ndichita ndekha mwakachetechete, ndani angadziwe. Koma za kusitolo zija zinandiziziritsa mtima. Ndinapita kuofesi kukapempha mmisiri, ndipo poyembekezera tinayamba kutchaja mafoni imodziimodzi, pamzere ngati kuchigayo.

Amisiri onse anali otanganidwa ndi makina a kufakitale nyengo yonse yozizira. Wathu anabwera kutatentha kale, mu Okutobala, Lachisanu masana. Anali bambo wachikulire, mkulu mu mpingo wosunga Sabata, wosapupuluma pa chilichonse. Bokosi la mafyuzi linali pakhonde pa aneba. Anazula fyuzi ya masoketi, n'kubwera kudzayesa ndi tesitala. Anayamba wayesa tesitalayo pomwe pali moto kuti aone ngati ikuyaka, kenako pasoketi yathu. Atakhutira kuti pazima anatsegula.

M'kati munali mwakuda. Chikopa cha waya chinkangoyoyoka akachikhudza.

"Akalaliki, soketi yatsopano sitiikoleka pa waya wowauka. Ndipo onani mawaya awa akuboola khoma. Soketi ya anzanu imamwera pano."

Ndi pamene ndinadziwa kuti firiji ya aneba ndi mafoni a apongozi anga zinkadyera mbale imodzi. Anadula gawo lonse lopsa, nasolola waya wanga watsopano m'paipi, ataona kaye kuti kunenepa kwake n'kofanana ndi wakale. Anakhoma kabokosi ka soketi yachiwiri pafupi ndi khomo la kuchipinda. Anandichenjeza kuti masoketi akachuluka moto suchuluka, waya ndi yemweyo, choncho za hotipuleti ndiiwale. Ndinkangoti inde, ngakhale pa zomwe ndinkazidziwa kale.

Kenako anasuzumira panja. Dzuwa linali litatsamira pa mitengo ya bulugamu kuseri kwa munda wa tiyi. Anakulunga nsonga iliyonse ya waya ndi tepi, n'kuyamba kulongedza zida.

"Sabata likulowa. Tionana Lamulungu m'mawa."

"Madala, kwangotsalatu kulumikiza."

"Kulumikiza ndi kuyesa. Zimenezo sindichita ndi diso limodzi lili padzuwa." Anandiika fyuzi ija m'manja. "Bokosi lili kwa anzanu, wina angaibwezere osadziwa. Sungani inu. Magetsi owunikira ali pa fyuzi ina, simugona mumdima."

Loweruka ndinaweruka masana, kunja kukuwotcha. Ndinapeza malume a mkazi wanga atakhala pakhonde ndi jumbo ya mafoni pamiyendo. Ndisanawapatse moni wokwanira, mayi a kuseri kwa khoma anatulukira ndi beseni. Mafirizesi anali atasanduka timatumba ta madzi ofiira ndi achikasu, tikungosefukira.

"Aneba, taonani ntchito yanu. Ine Sabata la eni ake landilowera m'firiji bwanji? Ndimapemphera Lamulungu ine!"

Ndinapepesa.

"Pepani sawumitsa madzi. Si inu mumawerenga usana wonse? Timawaya titatu tomweti takukanikani? Kapena mabukuwo ndi ophera mphemvu?"

Malume anatsokomola, n'kunena chapansipansi kuti iwonso anamva kuti mkamwini wawo magetsi amawadziwa. Anali atayenda ulendo wonsewo, ndipo foni ina m'jumbomo inali ya apongozi anga aakazi.

Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga sikuludiraiva, n'kukhala pa mpando moyang'anana ndi bowo la pakhoma. Kunena zoona, ntchitoyo ndinkaiona. Wofiira wakale akumane ndi wabulawuni, wakuda ndi wabuluu, wobiriwira ndi mnzake wamizere yachikasu, yemwe amatengera moto pansi zinthu zikalakwika. Kumanga zolimba, kutseka, kubwezera fyuzi. Lamulungu m'mawa ndikanamasula zonse mmisiri asanafike. Ndinakhala pamenepo nthawi ndithu, fyuzi ikundilemera m'thumba la malaya. Chomwe ndinalibe chinali choyesera. Ndikanadziwa kuti ndalumikiza bwino poona nyumba isakupsa, ndipo mayeso otero amatenga nthawi. Komanso mmisiri amene anakulunga tepi yekha sakanalephera kuona kuti yamasulidwapo.

Mkazi wanga anadutsa ndi madzi a malume. Anayang'ana sikuludiraiva, anayang'ana ine.

"Kwathu malo alipo. Amayi anena kale kuti nkhokwe yakale ija ikhoza kusunga mabuku."

Ndinabwezera sikuludiraiva m'kabati. Malume anadya, nasiya jumbo yawo, nabwerera wapansi kutazizira, osakondwa kwenikweni. Mafirizesi anamwa ana a m'nyumba zoyandikana, oboola pakona ndi mano, ndipo kwa iwo linali tsiku labwino. Mayi aja sanandiyankhe moni mpaka sabata inayo. Amuna awo tsiku lonselo sindinawaone, ngakhale thirakitala inali itaimikidwa kale.

Lamulungu mmisiri anafika mame asanaume, ndipo ndinamubwezera fyuzi yake. Anaonanso kuti moto kulibe ngakhale fyuzi inali m'manja mwake, analumikiza, anakoka waya aliyense kuti aone ngati wagwira, anayeza ndi kamita kake, kenako analowa kwa aneba kukamangitsa soketi yawo, yomwe nayonso inali itakhwefuka. Atabwezera fyuzi, firiji inayamba kung'ung'udza kuseri kwa khoma. Tinabaya foni ya apongozi pasoketi yatsopano, poyamba pa zonse.

Masana ake ndinakumana ndi bambo a kuseri kwa khoma pa mpopi, akutsuka nsapato zawo za jombo. Ndinayamba kupepesa za mafirizesi. Anandisiya ndimalize, akupitiriza kukwecha.

"Dzulo ndinaswera pabalaza, khutu lili kukhoma," anatero. "Ndinamva mukutsegula kabati, ndinamva mukukoka mpando. Ndikanangomva chitsulo chikukhudza mawaya aja, ndikanapita kwa abwana osavala n'komwe nsapato, ndipo lero bwenzi ndikukunyamulirani katundu pa thirakitala. Osadandaula, ndikanakufikitsani mpaka pakhomo. Ana anga amagona kuseri kwa khoma limenelo, aneba."