Ndamva kumsika kuti tinabadwa awiri

Mwaswera bwanji nonse. Ndikulemba pano pagulu lathu la banja.

Masana ano ndinali ku Namadzi kugula matemba, mwana wanga Tamanda ali kumbuyo. Mayi wina wogulitsa tomato anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Si inu mlongo wake wa amene alemba buku la moyo wa kuphiri lija?" Ndinavomera monyadira. Anayamba kuseka za koloboyi wathu ndi za bambo kukana kutsikira kumudzi zaka zonse za m'ma 90. Kenako anatsitsa mawu, "Koma za mnzanu wamapasa uja, ine ndinalira. Pepani."

Mnzanga uti?

Ndivomere, bukulo ndinalekezera pakati. Nditafika kunyumba ndalitsegula, ndipo zilimodi. Tinabadwa awiri, mzamba palibe, chipatala kutali. Winayo anakhala masiku atatu okha. Amayi ndi amayi aang'ono anakamuika okha kuseri kwa nthochi, osalira, ati kuti ine ndisamutsatire. Ndi nthochi zomwe zija ndinkaphikiramo masanje.

Achimwene a Laisoni, inu amene mwalemba bukuli, muli pagulu pano. Zoona msika wonse udziwe ine ndisanadziwe?

Koma chikundiopsa kwambiri ndi amayi. Sawerenga, sakudziwa kuti zomwe asunga mumtima zaka zonsezi zili papepala, ndipo Lamlungu amayi a mvano akawapepesa ngati mmene andichitira ine. BP yawo mukuidziwa.

Ndalongedza kale matewera, mawa m'mawa ndikwera kabaza kupita kwa amayi. Koma ndikafika ndikayambe bwanji? Amayi aang'ono, inu munalipo tsikulo. Ndikanene ndekha, kapena mubwera tikalowe limodzi?