Nthambi za Amalume pa Msewu wa ku Umbilo

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi simenti ya pakhonde pomwe tinachezera. Linali tsiku loika achimwene anga. Iwo anakhalitsa ku Umbilo kuno, kwa Azulu, anakwatira Mzulu, ndipo aneba ankawayesa Mzulu mnzawo. Chichewa ankayankhula chitseko chili chotseka. Ankakonda kunena kuti malamulo a dziko lino amalola aliyense kukhala mwa chikwawo. Ine ndinkawayankha kuti malamulowo salondera pakhomo pa munthu.

Pamchezo tinaimba nyimbo za Chizulu zokhazokha. Zinandipweteka kulira m'bale wanga m'chiyankhulo chobwereka, koma otsala m'nyumbayi ndi alamu ndi ana awo, choncho ndinangodzigwira.

Kuseri, amayi achineba anali atasonkha kale moto pansi pa mapoto awo akuluakulu. Mitambo yakuda inkachokera kunyanja, mphepo kulibe.

Amalume anali atangofika kuchokera ku Ntcheu, ndipo palibe anawachenjeza. Kutacha anathyola nthambi n'kuziyala mopingasa msewu, monga timachitira kwathu kuti odutsa adziwe kuti pali maliro. Kuno chinthu chikapingasa msewu ndiye kuti kwabuka ziwawa. Minibasi inaima, dalaivala n'kutsika akukalipa. Amalume anavula chipewa, n'kuyamba kumufotokozera mwaulemu, mokweza, m'Chichewa cha kumudzi.

Ndinathamangira komweko. "Amalume, pepani, tiyeni m'nyumba."

"Kodi kuno ndi maliro omwe mumabisa?" anandifunsa.

Dalaivalayo anayang'ana nyumba yathu, n'kutchula dzina lonyoza lija amatitchula alendofe. Amayi a kuseri aja anamva.

Anthu anabwera ndithu, ochuluka. Mvula inayamba kuwaza magalimoto akunyamuka. Kumanda aneba anaima chapatali, ndipo pakati pawo panali amuna ena osadziwika omwe sankayang'ana bokosi, ankayang'ana nkhope zathu. Poti madzi anali atatayika kale, ndinalira mwa chikwathu, n'kuitana achimwene ndi dzina lomwe anawapatsa mayi athu. Mtima unapepuka. Kenako ndinaona alamu akukokera ana kumiyendo kwawo, mantha n'kundigwira.

Titabwerera tinapeza moto atauthira madzi, mapoto atapita ndi eni ake, mpunga ndi nyama atazikhuthulira m'mabeseni. Palibe neba anabwera kudzasamba m'manja pageti kapena kudzadya.

Madzulo nyumba inangoti zii. Ana anagona osavula nsapato. Alamu, amene anabadwira mumsewu womwewu, anandikodola mwakachetechete kuti ndiwathandize kukankhira kabati kuchitseko.